Kamshafiti yokoka mwamphamvu injini isanathamange pa Hilux 22R, ndemanga yanga patatha miyezi 7

Ndinkafuna kulemba kalekale za kamshafiti (kamu, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu a injini) imene ndinaika mu pikapu yanga koma ndinati idutse kaye mvula komanso nyengo ya mpunga ndiione bwinobwino. Pano yatha miyezi 7 ndiye nditha kuyankhula.

Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya 1989, injini ya petulo 22R ija ya 2.4, ya kabuleta, mavavu 8, kamu imodzi pamwamba mu hedi yoyendera tcheni. Anandisiyira malemu bambo anga ndipo ndi imene ikudyetsa banja mpaka lero. Ntchito yake ndi kutenga matumba a mpunga ku Lifuwu, usipa wouma ku madoko a ku Senga Bay, nkukwera nazo ku Lilongwe pa M14. Amene mumayenda msewu umenewu mukudziwa, kunyanja kuno tili kumunsi, mamita osakwana 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ili pamwamba kupitirira 1,000, ndiye galimoto yodzaza imakhala ikukwera basi.

Kamu yoyamba ya kufakitale inadyeka chaka chatha, injini inayamba kugogoda mphamvu nkuthawa. Ndinapita ku shopu ina ya ma spare, wogulitsa anati ali nayo yamphamvu kuposa ya kufakitale, pabokosi panalembedwa madigiri opitirira 280, ine ndinangoona kuti nambala yayikulu ndiye mphamvu zambiri. Titaika, kalilidwe kake kanali kokoma zedi, ikaima imachita kubwatabwata anthu pa Kamuzu Road nkumatembenuka. Koma ntchito ayi. Tsiku loyamba kulowa nayo mumchenga ku doko ndi katundu inkangofuna kuzima, kuti inyamuke ndimachita kuponda mafuta kwambiri kwinaku ndikusiya kilachi pang'onopang'ono mpaka fungo lakupsa kudzaza mkati. Miyezi itatu kilachi yatha. Pa mitunda imene kale ndimakwera pa giya 3 ndinayamba kutsika mpaka 2, nthawi zina 1, mafuta kumangopita. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi mabuleki, mu tauni ukaponda kawiri katatu motsatizana amalimba ngati mwala, ndipo ine ndimakhala ndanyamula amayi eni nsomba.

Amene anandimasulira ndi makaniko wachikulire wa kuno ku Salima yemwe ankaikonza galimotoyi bambo ali moyo. Anangoimva kulira nkufunsa, “Mwanawe, galimotoyi mukufuna muzikapikisana nayo kapena izinyamula mpunga?” Ndinati bambo mpunga. Ndiye anandikhazika pansi.

Nkhani yake ili chonchi. Madigiri aja sakunena za mphamvu, akunena kutalika kwa nthawi imene vavu imakhala chitsegukire. Vavu yolowetsa mpweya ndi petulo simatsekeka pistoni ikangofika pansi, imachedwerako dala. Injini ikamathamanga kwambiri kuchedwako nkwabwino chifukwa mpweya umakhala uli ndi liwiro, umapitiriza kulowa ngakhale pistoni yayamba kukwera. Koma pa ma rev otsika, kutanthauza injini ikamazungulira pang'onopang'ono, mpweya ulibe liwiro limenelo, ndiye pistoni ikamakwera vavu ili chitsegukire imabweza zina mwa zimene zinalowa, mu silinda mumatsala zochepa zoti zipanikizike. Ndi chifukwa chake imafooka ponyamuka. Chinanso pali kamphindi kamene vavu yolowetsa ndi yotulutsa utsi zimakhala zotseguka zonse, kamu yayikulu imakatalikitsa kamphindi kameneka, apa ndi pamene pamachokera kubwatabwata kuja komanso vacuum, mphamvu ya injini yoyamwa mpweya, imatsika. Ndipo booster ya mabuleki, chipangizo chimene chimawafewetsa poponda, imadalira vacuum yomweyo! Apa ndinamvetsa kuti zonse zimene zimandivuta gwero lake ndi limodzi.

Anandifunsa kuti pa ntchito yanga injini imakhala pa ma rev angati nthawi zambiri, titaganizira tinapeza kuti ndi pakati pa 1,500 ndi 3,000, kumtunda uko sindifikako nkomwe. Ndiye tinaitanitsa kamu ya nthawi yayifupi, ya madigiri cha mma 260, yotseka vavu yolowetsa msanga koma yoikankha mozamirapo pang'ono kuposa ya kufakitale. Inachokera ku Johannesburg, mlamu wanga ndi amene anabwera nayo pa basi. Mtengo unandiwawa chifukwa cha ma rand, sindinama.

Pomanga pali zinthu zoti musazinyalanyaze. Pa 22R ma rocker, timikono timene kamu imakankha kuti titsegule mavavu, amagwiridwa ndi mabawuti omwewo a hedi, ndiye ukamasula kuti uchotse kamu wamasulanso hedi, ife tinangosintha ndi gasiketi yomwe. Ma rocker tinaika atsopano, akale aja anali atadyeka kale ndipo akanaipala kamu yatsopano masiku ochepa. Tili momwemo tinaona kuti ma guide a tcheni, apulasitiki aja, ayamba kusweka, amenewa akatheratu tcheni imakhula kava ya kutsogolo mpaka madzi kukumana ndi oyilo, tinasinthiratu. Mpata wa mavavu tinatchera 0.20 mm kwa olowetsa, 0.30 mm kwa otulutsa, injini ili yotentha. Polizitsa koyamba mkuluyo anakana kuti ingokhala ikulira pansipansi, anaisunga cha pa ma rev 2,000 kwa mphindi 20 akusinthasintha pang'ono kuti oyilo afike bwino pa kamu, ndipo oyilo wake anasankha wokhala ndi zinc wambiri. Kenako taimingi (nthawi imene mapulagi amathetheka moto) ndi kabuleta anazitcheranso.

Zotsatira zake ndi zimene zandilembetsa. Mumchenga womwe uja, katundu wofanana, ndimangosiya kilachi iyo nkunyamuka yokha osapondereza mafuta. Mitunda ya ku Lilongwe yabwerera pa giya 3, ina imene ngakhale ndi kamu ya kufakitale ndinkasintha giya pakati pano ikumaliza osadandaula, umachita kumva kuti pansi pa phazi pali kanthu. Nthawi ya mvula ndinapita nayo ku Nkhotakota kukatenga ufa wa kondowole mkati mwa midzi, matope okhaokha, ubwino wake ndi woti imayenda pang'onopang'ono pa giya 2 osazima ndiye matayala sazungulira pamodzimodzi. Mabuleki anabwerera mwakale. Ikaima imalira mofatsa, mmawa kuliza kamodzi yadzuka. Mafuta ndikugwiritsa ochepa poyerekeza ndi nthawi ya kamu yayikulu ija, kwa ife amene tinagonapo pa mizere ya petulo chimenechi sichaching'ono.

Zoipa zake zilipo. Ikapitirira ma rev 4,000 imayamba kutha mpweya, ukaponda kwambiri imangowonjezera phokoso, ndiye kupitirira thiraki pa M5 kumafuna uone kaye patali ndithu, osangotulukira. Komanso sabata zoyambirira ikakwera mtunda yodzaza dzuwa likuswa mtengo imamveka kuthetheka ngati timiyala mu chitini, tinabweza taimingi pang'ono nkusiya. Mkulu uja anati zimachitika chifukwa pano silinda ikudzaza kwambiri pa ma rev otsika. Pepala la malangizo limene linabwera mubokosi ndi lachidule kwambiri, munthu wopanda makaniko wodziwa akhoza kusokonezeka.

Ngati pikapu yanu ndi ya katundu ngati yangayi, ya mchenga ndi mitunda, ine ndikuti gulani yamtundu umenewu, ndipo pogula funsani madigiri ake komanso ma rev amene imagwirira ntchito musanapereke ndalama. Ine ndikuipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha mtengo ndi pepala lija. Mavavu tinawayezanso mwezi wathawu, anali asanasunthe, ndipo Lachisanu ndili ndi ulendo wina wa mpunga ku Lifuwu.