Miyezi 9 ndi kadongle ka Bluetooth pa kompyuta yanga yakale

Kadongle kanga ka Bluetooth, kachipangizo kosomeka pa bowo la USB kuti kompyuta izilumikizana ndi zipangizo zina popanda chingwe, ndinakagula mu Febuluwale, ndipo pano tili mu Novembala. Ndakagwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse, kupatula Lamlungu ndi masiku amene magetsi anachoka m'mawa n'kubwera usiku. Sabata yoyamba ndikanalemba za iko ndikanakuuzani kuti musataye ndalama zanu. Lero ndikunena zina, ndipo kadongle ndi komweko, sikanasinthe. Chomwe chinasintha ndi malo amene ndinakasomeka.

Kompyuta yanga ndi ya patebulo, zija zimabwera zitagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja. Ndi yolimba, koma inabwera yopanda Bluetooth. Ntchito yanga kuno ku Zomba ndi yotaipa mawu ojambulidwa: anthu ochita kafukufuku amandipatsa zokambirana zomwe ajambula kumidzi, ine ndimamvetsera n'kumalemba liwu ndi liwu, tsiku lina maola 6. Chaka chatha ndinataya mahedifoni awiri a chingwe, onse anaduka pamalo amodzi, pamene chingwe chimalowa m'kapulagi. Ukadzuka mwadzidzidzi mwana akakuitana, chingwe chimakoka, ndipo pang'onopang'ono khutu limodzi limasiya kumveka. Mlamu wanga atandipatsa mahedifoni opanda chingwe, ndinapita kukafuna kadongle. Tadzaza m'mashopu a zamafoni, mayina ndi osiyanasiyana, koma ambiri mkati mwake ndi ofanana. Kanga kukula kwake ndi ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo pakatoni panalembedwa kuti Bluetooth 5.0.

Kukayika sikunavute. Nditakasomeka, Windows 10 inakazindikira yokha, kachizindikiro ka buluu kanatuluka pansi pa sikirini, ndipo pasanathe mphindi 5 mahedifoni anali atalumikizidwa. Mavuto anayamba nditakhala pansi kuti ndigwire ntchito. Mawu ankadukaduka. Agogo akufotokoza za mvula ya chaka china, mawu n'kusowa kwa kamphindi, n'kubwera atadumpha mawu awiri atatu. Kwa munthu womvera nyimbo zimenezi ndi zongokwiyitsa, koma kwa ine liwu limodzi likasowa ndiye kuti ndibwerere m'mbuyo, ndipo tsamba lomwe ndimalimaliza m'mphindi 20 linkanditengera 40. Ndikangotembenuza mutu kuyang'ana pakhomo, mawu ankatheratu.

Ndinakasomeka kumbuyo kwa kompyuta, pa bowo la USB la buluu, pafupi ndi chingwe cha hard drive yakunja imene ndimasungamo mafayilo a makasitomala. Ndinkaganiza kuti bowo la buluu, poti ndi lothamanga kwambiri, ndiye labwino pa chilichonse. Kumeneko n'kumene ndinaphonya. Bluetooth imayenda pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz. Mabowo a buluu aja ndi a USB 3.0, ndipo akamatumiza zinthu pa liwiro lawo la 5 Gbps amatulutsa phokoso la magetsi lomwe limafika mpaka m'mafunde omwewo. Si nkhani yongomva m'maluwa ayi: kampani ya Intel inalemba chikalata chofotokoza zimenezi mu 2012. Ndiye kadongle kanga kanali ngati munthu amene akuyesa kumva kunong'ona ataima pafupi ndi chigayo. Kuwonjezera apo, bokosi la kompyuta ndi lachitsulo ndipo linali pansi pa tebulo, litatsamira kukhoma. Mafunde ankayenera kuzungulira chitsulo, kudutsa thabwa la tebulo, kenako kudutsa thupi langa lomwe, pakuti thupi la munthu ladzaza madzi ndipo madzi amamwa mafunde amenewa. N'chifukwa chake ndikatembenuza mutu mawu ankatha: mutu wanga unkatchinga khutu lomwe kuli kolandirira mafunde.

Mankhwala ake anali chingwe chowonjezera cha USB cha mita imodzi, chotchipa kuposa kadongle komwe. Ndinachilowetsa pa bowo lakuda la USB 2.0, mbali inayo ndinaimata ndi tepi m'mphepete mwa sikirini, kadongle n'kukhala pamwamba, poonekera, kutali ndi hard drive. Kuyambira tsiku limenelo, chakumayambiriro kwa Malichi, kudukaduka kuja kunatha. Ndikanena kuti kunatha ndikutanthauza kuti ndimatha sabata yonse osakumvako. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mutengepo pa zonse ndalemba pano, ndi chingwe chimenechi. Ndaona anzanga awiri atataya tidongle tawo m'dirowa akuti n'tabodza, ndipo onse anali atatisomeka kumbuyo kwa bokosi.

Wi-Fi nayo imayenda pa 2.4 GHz pomwepo, ndipo kaMiFi kanga, kabokosi kondipatsa intaneti pa Wi-Fi, kankakhala patebulo. Bluetooth inapangidwa kuti izitha kukhala ndi mnansi wotere: ili ndi tinjira 79 ndipo imadumphadumpha kuchoka pa kena kupita pa kena ka 1,600 pa sekondi, n'kumapewa tomwe tadzaza. Komabe ndikamatsitsa fayilo yaikulu MiFi ili pafupi ndi kadongle, mawu ankakhosomola pang'ono. Ndinangoisamutsira pawindo, komwenso netiweki imagwira bwino.

Za mtunda, pakatoni analemba mamita 20. Tidongle tambiri ta mtundu uwu ndi ta gulu lotchedwa Class 2, lomwe limafika pafupifupi mamita 10 pamtetete. M'nyumba mwanga, ya njerwa zootcha, ndimamva bwinobwino m'chipinda chogwiriramo ntchito ndi pabalaza. Ndikalowa kukhitchini, komwe pali makoma awiri pakati, mawu amayamba kuduka, ndipo ndikatuluka panja kukayanika zovala amatheratu. Sindidandaula nazo. Ntchito yanga ndi ya pampando.

Nambala ya 5.0 ija inandikopa pogula, koma ndaphunzira kuti pa nkhani ya mahedifoni siisintha zambiri. Bluetooth 5.0 inatuluka mu 2016, ndipo zoti imathamanga kawiri komanso imafika patali kanayi ndi zoona, koma zimakhudza mbali yake yotchedwa Low Energy, yomwe imagwiritsidwa ntchito ndi zinthu monga mawotchi a pamkono ndi makiyibodi ena. Mawu a mahedifoni ambiri amayendabe pa Bluetooth yakale ija. Komanso si katoni iliyonse imanena zoona. Ngati mukufuna kudziwa chomwe mwagula, tsegulani Device Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa zipangizo zonse za kompyuta, dinani pa Bluetooth, sankhani kadongle kanu, pitani pa Advanced, muone nambala yolembedwa LMP. Ikakhala 6 ndiye kuti ndi Bluetooth 4.0, ikakhala 8 ndi 4.2, ikakhala 9 ndi 5.0. Kanga kanaonetsa 9, ndiye mtima unakhala pansi. Mukamagula ndipo m'shopumo muli kompyuta, pemphani kuti akuyesereni pomwepo.

Vuto lachiwiri linabwera mu Epulo, ndipo ili silitha ndi chingwe. Kasitomala wina anafuna tikambirane pa Zoom. Msonkhano utangoyamba, mawu m'mahedifoni anasintha, anakhala ngati akuchokera m'chitini, ngati a foni za m'manja zoyambirira zija. Ndinaganiza kuti mahedifoni awonongeka. Msonkhano utatha mawu anabwerera mwakale. Zinachitikanso kawiri ndisanamvetse. Mahedifoni a Bluetooth ali ndi njira ziwiri zogwirira ntchito. Ukamangomvera, amagwiritsa ntchito njira yotchedwa A2DP, yomwe imapereka mawu abwino m'makutu onse awiri koma maiki sagwira. Pulogalamu iliyonse ikangotsegula maiki ya mahedifoni, amasamukira ku njira ya Hands-Free, yomwe inapangidwira kuyankha foni, ndipo mawu ake ndi opyapyala chifukwa kanjira komweko kakuyenera kunyamula mawu opita ndi obwera. Pa Windows 10 mahedifoni amodzi omwewo amaoneka kawiri pa mndandanda wa zomvera, kwina Stereo, kwina Hands-Free AG Audio. Kadongle kodula bwanji sikangachotse zimenezi pa mahedifoni ngati anga, pakuti umu ndi momwe Bluetooth ya mtundu umenewu inapangidwira.

Chomwe ndimachita tsopano n'chakuti pa Zoom ndimasankha maiki ya kamera yanga ya pasikirini, mawu omvera n'kusankha Stereo. Maiki ya mahedifoni ikapanda kutsegulidwa, mawu amakhala bwino mpaka msonkhano kutha. Amene mukufuna kadongle makamaka chifukwa cha misonkhano kapena maphunziro a pa intaneti, lingalirani zimenezi musanagule, ndipo muwerengeretu ndalama ya maiki yapadera ngati kompyuta yanu ilibe.

Pali kuchedwa kwa mawu komwe sikuchoka. Ndikadina batani loimitsa, mawu amapitirira kwa kachigawo ka sekondi, ndikadina loyambitsa amachedwanso chimodzimodzi. Pa mavidiyo a YouTube sindikuzindikira, milomo ndi mawu zimayendera limodzi. Pa ntchito yanga, yomwe ndi yoimitsa ndi kuyambitsa kambirimbiri pa ola, masiku oyamba kuchedwaku kunkandisokoneza, ndipo nthawi zina liwu loyamba pambuyo poimitsa kwa nthawi yaitali linkadyedwa. Ndinakonza pulogalamu yanga kuti izibwerera m'mbuyo masekondi 2 nthawi iliyonse ndikayambitsanso, basi nkhani inatha. Mwana wanga wamkulu anayesa kusewera gemu ya mpira atavala mahedifoni omwewo, ndipo anati phokoso la mpira limafika utamenyedwa kale. Iye anabwerera ku za chingwe.

Mu Juni ndinagula kiyibodi ya Bluetooth kuti ndizitha kutaipa nditaiyika pamiyendo msana ukatopa. Imagwira limodzi ndi mahedifoni pa kadongle komweko. Pamapepala amati kadongle kamodzi kangathe kulumikizana ndi zipangizo 7 nthawi imodzi. Ine ndafikapo pa zitatu, mahedifoni, kiyibodi ndi foni, ndipo foni ikamatumiza fayilo mawu amayamba kuvutika. Kiyibodi inandiphunzitsa zinthu ziwiri. Ndikaisiya kwa mphindi zingapo inkagona, ndipo zilembo zoyamba zinkasowa ndikayambiranso. Mbali ina ndi kiyibodiyo yomwe imasunga batire, koma mbali ina inali pa kompyuta: mu Device Manager, pa Power Management ya kadongle, pali kabokosi kololeza kompyuta kuzimitsa chipangizocho pofuna kusunga magetsi. Nditachotsa chizindikiro m'kabokosiko zinachepa kwambiri. Chinacho ndinachiona tsiku lina magetsi atazima mwadzidzidzi kompyuta ili mkati mogwira ntchito. Atabwera, inaima pa sikirini yakuda n'kumafuna ndidine F1. Kiyibodi ya Bluetooth inali zii, chifukwa pa nthawi imeneyo Windows imakhala isanadzuke, ndiye palibe cholumikiza kadongle ndi kiyibodi. Mwamwayi yakale ya chingwe ndinali ndisanaipereke. Mpaka lero imakhala pamwamba pa kabati, ndipo kudera kwathu kuno, komwe magetsi amachoka osatsanzika, sindingaichotse m'nyumba.

Kutumiza mafayilo kuchoka pa foni ndinayesa kangapo n'kusiya. Bluetooth ya mtundu uwu siipyola 3 Mbps, ndipo zenizeni zimakhala zocheperapo. Chithunzi chimodzi cha risiti chimadutsa msanga, koma mawu ojambulidwa a 100 MB amafuna mphindi 7 kapena kuposerapo, pomwe pa chingwe ndi masekondi ochepa.

Chinthu chomwe chimandivutabe mpaka lero ndi kulimbirana mahedifoni pakati pa foni ndi kompyuta. Ndikamvera wailesi pa foni madzulo, m'mawa ndikayatsa mahedifoni amathamangira ku foni, kompyuta n'kumangoti yawaona koma siikulumikiza. Ndimayenera kuzimitsa Bluetooth ya pa foni kaye. Mlandu pano si wa kadongle, ndi mahedifoni anga omwe amagwira chipangizo chimodzi pa nthawi, koma kwa munthu wosadziwa zimaoneka ngati kadongle kafa. Mayi a kunyumba kwanga anakazula kawiri konse poganiza kuti akundithandiza, mpaka ndinawaonetsa chomwe chimachitika.

Za kulimba kwake ndilibe chodandaula. Kakhala pa tepi yake miyezi 8, kadutsa fumbi la Ogasiti ndi Seputembala, kadutsanso kutentha kwa Okutobala. Ukakagwira masana kamakhala kofunda pang'ono basi. Kuzima kwa magetsi sikunakaiwalitse chilichonse, kompyuta ikadzuka zipangizo zimabwerera zokha. Kamodzi kokha, mu Seputembala, chizindikiro cha buluu chinasowa, ndipo nditakazula n'kukabwezera chinabwerera. Tepi ndi yomwe ndasintha katatu, chifukwa ikatenthedwa imamatuka.

Amene muli ndi laputopu, yambani mwaona ngati ilibe kale Bluetooth yakeyake, pakuti ambiri ali nayo, ndipo Windows imagwiritsa ntchito wailesi ya Bluetooth imodzi yokha pa nthawi. Mukasomeka kadongle yamkatiyo ili yoyaka, kamangokhala osagwira mpaka mutazimitsa yamkatiyo mu Device Manager. Mphwanga anagula kake asanaone, ndipo laputopu yake inali nayo kale, inangofunika driver, kapulogalamu koyendetsa Bluetooth yamkatiyo.

Kakadzafa ndidzagulanso kena, ndipo ndidzagula pamodzi ndi chingwe chowonjezera tsiku lomwelo. Mahedifoni amene mlamu wanga anandipatsa akadali amoyo, makutu onse awiri akumveka, ndipo chaka chino sindinagule ena. Dzulo ndataipa zokambirana za ola limodzi ndi theka za alimi a mpunga a ku Domasi, ndipo malo okhawo amene ndinabwerera m'mbuyo kangapo ndi pamene tambala analira pafupi ndi chojambulira.