Wotchi yowerengera makalori: kugunda kwa mtima imakhoza, makalori imangoyerekeza

Wotchiyi ndinaigula mumzinda wa Tete ku Mozambique pa mametikali 1,500. Ndi yotchipa ija ya lamba wa labala, yolumikiza ku foni pa Bluetooth. Kuchipatala anandiuza kuti ndichepetseko thupi chifukwa cha BP, ndiye ndinkafuna kudziwa makalori amene ndimawotcha pa tsiku, kutanthauza muyeso wa mphamvu zochokera m'chakudya zimene thupi limagwiritsa ntchito.

Mukangoiyatsa imafunsa zaka, kutalika ndi kulemera kwanu. Apa musaname ndipo musangoganizira, kakwereni sikelo kaye, chifukwa masamu ake amayambira pomwepo. Akatswiri amachulukitsa makilo a munthu, maola amene wagwira ntchito ndi nambala yosonyeza kulemetsa kwa ntchitoyo, imene amati MET. MET ya kuyenda ndawala pang'ono ndi pafupifupi 3.5, choncho munthu wa makilo 70 akayenda ola lathunthu amawotcha makalori okwana ngati 245. Ndikamayenda pa tala kuno ku Ulongwe m'mawa kusanatenthe, nambala yake imayandikira pamenepo. Mpaka apo ndilibe nayo mlandu.

Imasokonezeka ndi ntchito zathu zakumudzi. Iyo imadziwa kuti munthu akuyenda poona kugwedezeka kwa dzanja. Tasenzani thumba la mbatatesi, dzanja lili m'mwamba kuchirikiza katundu: khosi lauma, thukuta lili kamukamu, koma masitepe imalemba ochepa zedi. Mukakwera njinga yamoto mu msewu wafumbi wa mabampu, imakuwerengerani masitepe ambirimbiri pomwe mwangokhala kumbuyo mutagwira chitsulo. Tsiku lina nditakwera njinga yamoto inandiyamikira ndi kachithunzi ka chikho, ine osayenda ngakhale pang'ono.

Kutentha nakonso kumaipusitsa. Kuseri kwake kuli kanyali kobiriwira koyezera kugunda kwa mtima. Mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40, mtima umathamanga ngakhale mwangoima kudikira chapa (minibasi), ndipo iyo imayesa kuti muli pa masewera, n'kuwonjezera makalori. Si wotchi yangayi yokha. Mu 2017 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford ku America anayesa mitundu 7 ya zida zapamkono zotere. Zambiri zinkayeza bwino kugunda kwa mtima, koma pa makalori ngakhale chimene chinachita bwino koposa chinkaphonya ndi 27 peresenti, choipitsitsa ndi 93 peresenti.

N'chifukwa chake sindilola kuti izindiuza kuchuluka kwa mitanda ya nsima yoti ndidye madzulo. Ndimaigwiritsa ntchito poyerekeza sabata ino ndi yatha, msewu womwewo, nthawi yomweyo, ndipo pamenepo imathandiza ndithu.

Batire imakhalitsa pafupifupi sabata. Lamba amayabwa thukuta likachuluka, muzimutsuka. Ndaipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ogwira ntchito mu ofesi amene amayenda madzulo angaigule, koma alimi ndi osenza katundu ndalamayo asunge.