Shampu ya amphaka ndi yabwino, koma musathamangire madzi

Shampu yolembedwa kuti ndi ya amphaka, yosanunkhira kwambiri komanso yopanda mankhwala ophera tizilombo, ndi yoyenera ndalama yake. Imatsukuluzika msanga ndipo siumitsa khungu. Botolo limakhalitsa, chifukwa supuni yaing'ono imodzi yosungunulira m'kapu ya madzi imakwanira mphaka wamkulu. Pamene yaperewera ndi pa malangizo: pabotolo amangoti nyowetsani, pakani, tsukuluzani, ngati kuti mphakayo adzangoima duu.

Pogula, kaya kwa Chitakale kapena ku Luchenza, werengani nokha zomwe zalembedwa. Ya agalu yokhala ndi mankhwala ophera tizilombo a permethrin ikanireni ngakhale wogulitsa atati ndi chimodzimodzi. Chiwindi cha mphaka chimalephera kuchotsa mankhwalawa, ndiye amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kukomoka, ena kufa kumene. Dibi wa ng'ombe ndi Dettol nazonso zisamukhudze.

Mphaka wabwinobwino amadzisamalira yekha. Kumusambitsa n'kwa pamene wadetsedwa ndi mafuta, mwaye kapena matope, kapena wakalamba mpaka kulephera kudzinyambita. Komabe muzolowetseni kusamba vuto lisanafike. Masiku oyamba ikani beseni louma pomwe amadyera, mutayala thaulo mkati, n'kumaponyamo kachidutswa ka nsomba yophika yopanda mchere ndi minga. Akayamba kulowamo yekha, muzimupukuta msana ndi kansalu konyowa. Kenako thirani madzi ongonyowetsa mapazi. Akaweramitsa makutu, mchira n'kumamenya pansi, lekezani pomwepo, mudzayesenso mawa. Kumukakamiza kamodzi kokha kumawononga ntchito ya sabata yonse.

Thaulo la pansi lija musalipeputse. Chimodzi mwa zimene zimaopsa mphaka ndi kuterereka kwa pulasitiki. Zikhadabo zikasowa pogwira, zimagwira mkono wanu.

Tsiku losamba, madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda, pafupifupi madigiri 38, ndipo asapitirire masentimita 8 kuya kwake. Ayeseni ndi chigongono. Tungiranitu madzi otsukuluzira m'ndowa, poti phokoso la mpopi limamudzidzimutsa. Mukhale awiri: wina agwire pachifuwa ndi pamapewa mosafinya, wina azithira ndi kapu pafupi ndi thupi, kuyambira pakhosi kutsikira kumchira. Kumaso ndi m'makutu kusafike madzi, kansalu n'kokwanira. Tsukuluzani mpaka thovu litatheratu, pakuti lotsalira m'khwapa ndi pamimba ndi lomwe limayabwa. Zonsezi zisapyole mphindi khumi.

Kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje, kuzizira ndi nkhani ina. Mu June ndi July, chiperoni chikamawaza, musasambitse pokhapokha pali chifukwa chachikulu. Sankhani masana otentha, mumukulunge m'thaulo louma, musinthe lina likanyowa, ndipo akhale m'nyumba mpaka ubweya wa pamimba utauma. Kamwana kosakwana masabata 8 kamazizidwa msanga, kotero kangopukutidwa basi.

Akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Amene akufuna kuthetsa nthata, shampuyi siwathandiza kwenikweni. Imakokolola zomwe zili pathupi, koma mazira amatsala m'chiguduli chomwe amagonapo ndi m'ming'alu ya pansi. Chapani zogonera zake ndi madzi otentha, sesani bwino, ndipo mlangizi wa ziweto akusankhireni mankhwala a amphaka okhala ndi fipronil. Mukamupaka, pasapite madzi pathupi pake kwa masiku awiri.