Nyale za sola za mumsewu patatha miyezi 18: vuto lonse lili m'batire

Pa nyale 20 zomwe zinaikidwa mumsewu umodzi chaka ndi theka chapitacho, zisanu ndi ziwiri tsopano zikuzima cha m'ma 12 koloko usiku. N'chifukwa chake ndemanga yathu ya poyamba ya nyalezi, yomwe inali ya kuyamikira kokhakokha, ikufunika kukonzedwa. Nyalezi ndi zija zophatikiza zonse m'bokosi limodzi: panelo pamwamba, ma LED (timababu towala) pansi, batire ndi kontrola (kachipangizo koyendetsa mphamvu pakati pa panelo, batire ndi ma LED) m'kati. Zili pa mapolo a mamita 6, otalikirana mamita 20.

Ma LED onse akuyakabe, palibe lomwe lapsa. Mapolo sanachite dzimbiri. Nyale zimadziyatsa zokha kukada n'kudzizimitsa kukacha, ndipo sensa yomva kuti munthu akudutsa ikugwira ntchito bwinobwino. Batire siinabedwe ngakhale imodzi, popeza ili m'mwamba, kusiyana ndi zija zoika batire m'bokosi pansi pa polo.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Pa katoni panalembedwa 200W, kutanthauza mawati 200. Mukayeza ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, nyaleyo imakoka mawati 18 ikamawala mokwanira. Nambala ya pa katoni ija ndi yokopera ogula basi. Batire yake ndi ya lithiamu ya mtundu wa LiFePO4, ya 3.2V ndi 30Ah; mukachulukitsa ziwirizi mupeza 96Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu yosungidwa: mawati kuchulukitsa ndi maola). Kontrola inaikidwa kuti iziwalitsa mokwanira maola atatu oyamba, zomwe zimadya 54Wh, kenako itsitse kufika pa mawati 5 kwa maola asanu ndi anayi otsala, zomwe zimadya 45Wh. Zonse pamodzi ndi 99Wh. Ndiye kuti batireyo, ngakhale ili yatsopano, inali yoperewera pang'ono pa usiku umodzi, yopanda chotsala cha tsiku la mitambo. Nyale ya mumsewu yopangidwa bwino imayenera kusunga mphamvu ya masiku awiri kapena atatu.

Panelo nayo ndi ya 25W. Dzuwa lamphamvu la maola asanu lingapereke 125Wh pa pepala, koma mukachotsera zotayika mu kontrola ndi kutentha, zimatsala pafupifupi 100Wh. Kukachita mitambo masiku awiri otsatizana batire siidzaza n'komwe.

Titatsitsa imodzi mwa zozima zija n'kuitsegula, tinapeza maselo (timabatire ting'onoting'ono topanga batire yonseyo) opanda dzina la wopanga, ena ali ndi zipsera za kuwotcherera kwakale, chizindikiro chakuti anachotsedwa m'zinthu zina. Titayeza, batireyo inasunga 22Ah yokha, pafupifupi 70Wh. Chotsani 54Wh ya maola atatu oyamba, mutsala ndi 16Wh, ya maola atatu owala mozilala. Ikayaka 6 koloko, pofika 12 koloko yatha. Masamu ndi zomwe zikuoneka mumsewu zikugwirizana ndendende.

Chomwe chafooketsa maselo msanga chonchi ndi zinthu ziwiri. Amathera pansi usiku uliwonse, komanso amakhala tsiku lonse pansi pa panelo yotentha, m'bokosi lotsekedwa losalowa mphepo. Maselo abwino a LiFePO4 amapirira kudzaza ndi kutha kopitirira ka 2,000, zomwe ndi zaka zoposa zisanu, koma osati akakhala ogwiritsidwa kale ntchito n'kumaphikidwa chotere.

Pali zina zomwe si vuto la nyale. Kontrola imadziwa kuti kwada poona kuti mphamvu ya panelo yatsika, choncho nyale ina yoyandikana ndi babu lowala la pa geti inkangoyaka n'kuzima usiku wonse, ikuyesa kwacha. Kungoitembenuza pang'ono kunathetsa nkhaniyo. Fumbi ndi zitosi za mbalame nazo zimadya mphamvu yambiri. Kupukuta ndi nsalu yonyowa pa miyezi itatu iliyonse n'kokwanira, koma pamafunika makwerero aatali ndi munthu woti ntchitoyo ikhale yake, apo ayi palibe amene amaichita.

Anthu anazilandira bwino nyalezi kuposa momwe ambiri ankaganizira. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anayamba kuweruka mochedwa, ndipo magetsi ena akazima msewuwu umakhalabe wowala. Dandaulo loyamba linali lakuti zikatsitsa kuwala anthu amayesa zawonongeka. Lalikulu ndi la tsopanoli: munthu wolawirira ku ntchito 4 koloko m'mawa akuyenda mumdima pansi pa nyale yomwe anauzidwa kuti imawala mpaka kucha. Ameneyo simungamuuzenso za ubwino wa sola.

Wogulitsa analonjeza waranti ya zaka ziwiri. Titamufikira anati zaka ziwirizo ndi za panelo ndi ma LED, batire ndi miyezi 12 yokha, mfundo yomwe pa risiti palibe. Batire yolowa m'malo anaitchula mtengo woyandikira theka la nyale yonse, ndipo ndi ya mtundu womwewo. Bilu ya magetsi palibedi, ngalande za waya sizinakumbidwe, koma ndalama yopulumutsidwayo ikupita ku mabatire chaka chachiwiri chisanathe.

Kodi n'zoyenera kugulanso? Za sola inde, za mtundu uwu ndi kwa wogulitsa uyu ayi. Ogula atsopano afunse mawati enieni, ma Wh a batire, ndi waranti ya batire yolembedwa pa pepala. Pa msewu waukulu asankhe zokhala ndi panelo yakeyake yotheka kupendeketsa, yomwe batire yake imasinthika pongomasula mabawuti.