Jimu ya jiu jitsu ija: nyenyezi zitatu, phewa langa likadali kuwawa

Ndakhala ndikupita ku jimu iyi yophunzitsa jiu jitsu, masewera ogwirana ndi kugwetsana, miyezi inayi tsopano, K600 ija pamwezi, kuphatikiza gi, yunifomu ya masewerawa, yomwe anandigulitsa modula. Mamati amakolopa, madzi akumwa alipo, magetsi akathima amayatsa jenereta, pamenepo ndilibe nawo mawu.

Chandilembetsa ndi cha Lachinayi lija. Nthawi ya rolling, yomwe timagwirana awiriawiri kuyeserera zomwe taphunzira, anandipatsa mnyamata wina wa blue belt, lamba wa amene apitako patsogolo, wamphamvu ndithu. Anandigwetsa nkundipanikiza pa side control, kundigonera pachifuwa chopingasa ine ndili chagada, dzanja limodzi wagwira pamfundo ya dzanja langa, linalo walilowetsa kunsi kwa chigongono changa nkugwira mkono wake womwe, ndinadziwiratu kuti iyi ndi kimura, kagwiridwe kopotoza mkono ndi phewa, ndipo ndilibe kothawira. Ndinamumenya kawiri panthiti kuti tap, chizindikiro choti ndagonja, sanasiye, ndinakuwa kuti tap tap, iye ali kupotozabe mkono wanga kupita kumsana mpaka phewa linalira kuti tswa ndipo anthu onse pamati anamva. Akochi nthawi imeneyo anali pakhomo, foni ili kukhutu.

Anthu inu kimura si yoseweretsa. Dzinalo linachokera kwa Masahiko Kimura, wa judo wa ku Japan amene anathyola nayo mkono wa Helio Gracie, katswiri wa jiu jitsu wa ku Brazil, mu 1951 pa bwalo la Maracanã, ku Rio de Janeiro. Koma Helio anachita kukana yekha kugonja mpaka mchimwene wake Carlos anaponya thaulo. Ine ndinagonja, ndi dzanja ndi pakamwa pomwe. Munthu akatapa umasiya pomwepo, ndi lamulo loyamba lomwe anatiuza tsiku loyamba tisanaphunzire ngakhale kumanga lamba. Ndimagulitsa ku Kamwala mu Lusaka, mabelo ndimanyamula ndekha, ndiye masabata awiri ndinachita kulipira mwana wa achemwali anga kuti azinditsitsira katundu, ngakhale kuvala malaya mmawa akazi anga ndi amene amandithandiza.

Koma ndinene zoona, akochi anandiimbira usiku womwewo, ndipo Loweruka anakwera basi kudzandiona kwathu ku Chilenje. Sanadzikhululukire, anangoti ndalakwa achimwene, maso anga amayenera kukhala pamati. Nditabwerera anaimitsa kalasi yonse, mnyamata uja anapepesa pamaso pa aliyense, ndipo mwezi wonse sanamulole kugwirana ndi ma white belt, oyamba kumene.

Kuchokera apo ndi pamene ndaphunzira zenizeni. Akochi anakhala nane pakona kundionetsa pang'onopang'ono kuti chigongono chizimamatira kunthiti nthawi zonse, chikangotalikira wampatsa mnzako mkono. Akayamba kukoka kimura gwira lamba wako kapena mkati mwa ntchafu yako msanga asanatembenuze. Munthu akakukhalira pamimba pa mount, mtsekere dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi, kweza chiuno mwamphamvu nkugubuduzikira mbali yomweyo, imeneyo amaitcha upa, ndinaibwereza mpaka thukuta kudontha pamati. Shrimp ija yomwe ndinkaiona ngati yotayitsa nthawi pa warm up, kumasuntha chiuno chammbali, ndi imene imandipulumutsa pano ndikapanikizidwa. Anawonjezanso kuti manja onse akagwidwa uzimenya ndi phazi pansi kapena kukuwa, usadikire kumva kuwawa. Zonsezi ndimalemba mkabuku kanga ndili mubasi pobwerera. Pa kuphunzitsa bamboyu amadziwa ndithu, ndipo ali ndi mtima.

Amene sindinawakhululukire ndi mayi a pa desiki aja. Ndinawapempha bwinobwino kuti masabata awiri omwe ndinagona kunyumba andisunthire mwezi wotsatira, anandiyankha osandiyang'ana nkomwe kuti ndalama ikalowa yalowa, ngati kuti ndinavulalira kumowa osati pamati awo omwewo. K300 ya X-ray ndinalipiranso ndekha.

Lolemba ndipitanso, koma ndi mnyamata uja sindigwirananso, ndawauza kale akochi.