Ka dikishonale ka mawu achipatala kamene ndinagula kwa mavenda ku Limbe

Mayi anga ali ndi shuga komanso BP ndiye ugadiyani ndaupanga kokwanira, ndipo amene munagonapo pa simenti mu wodi mukudziwa kuti chopweteka kwambiri si udzudzu ayi, ndi kutsegula kabuku kakuchipatala kaja nkupeza adokotala alembamo chimawu chachitali iwe osatolapo kanthu. Ufunse ndani, anesi ali ndi odwala mbwee. Ndiye tsiku lina ndikudutsa ku Limbe pamene amayala mabuku akale pansi paja ndinaona ka dikishonale ka mawu achipatala, kakang'ono kokwana mu handibagi, chikuto chothetheka, mwini wake woyamba anachita kudula mizere ndi bolopeni yofiira. Tinanenerera mpaka K6,000 ndinatenga.

Anthu ena anandiuza kuti wataya ndalama, si ungofufuza pa foni. Inde pa foni umapeza, bola bando ilipo komanso netiweki ikugwira, koma foni imakupatsa liwu limodzi lomwe walifunsalo basi. Bukuli ukatsegula pa H mawu onse oyamba ndi hyper andandalikana ngati ana a bere limodzi, masamba angapo, ndipo ukamawerenga chotsika mmunsi umayamba kuona wekha kuti chimawu chija si chimodzi ayi, ndi tizidutswa tolumikiza. Apa ndi pamene kabukuka kanandigwira mtima.

Hyper ndi Chigiriki, kutanthauza pamwamba kapena kupyola muyezo. Hypertension ndi BP yokwera ija, kuyambira 140/90 kupita mmwamba. Hyperglycaemia ukaiduladula, glyc ndi kutsekemera, aemia ndi magazi, ndiye kuti shuga wachuluka mmagazi, basi nkhani yatha. Hyperkalaemia inandivuta poyamba mpaka nditaona kuti kal akuchokera ku kalium, dzina lina la potassium, ndipo nchifukwa chake ku kemisitile tinkalemba K koma aphunzitsi akutchula potassium, zaka zonsezi ine osadziwa chifukwa. Hyperthyroidism ndi chithokomiro chikamagwira ntchito mopitiriza. Hyperemesis gravidarum ndi kusanza kodetsa nkhawa kwa mayi woyembekezera, kuja mpaka amagonekedwa nkuikidwa diripi.

Ukangotembenuza masamba pang'ono wafika pa hypo, kutanthauza pansi kapena kuchepa. Abale timawu tiwiriti tikufanana kwambiri, makamaka tikalembedwa mothamanga ndi dzanja, koma tikunena zinthu zotsutsana. Hypothermia ndi thupi kuzizira kutsika pa madigiri 35 kwa munthu wamkulu, vuto lomwe limaopseza ana obadwa masiku asanakwane, nchifukwa chake amawaika pachifuwa pa mayi awo mwa kangaru muja. Hypodermic ndi pansi pa khungu, singano ya jakisoni. Ngakhale hypotenuse ya ku masamu ija ndi ya mtundu omwewu, mzere otambalala mmunsi mwa kona, koma imeneyo mulibe mbukumu, ndinachita kuiona kwina. Ndipo muchenjere, si liwu lililonse loyamba ndi hyp lomwe lili pachibale ndi hypo, hypnosis ikuchokera ku liwu la tulo.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Mmawa wina mayi anamwa mankhwala awo a shuga osadya chifukwa analibe chilakolako, patapita nthawi anayamba thukuta kamukamu, manja kunjenjemera, kuyankhula zosamveka. Kale ndikanaganiza kuti shuga wakwera ndipo chotsekemera chilichonse ndikanabisa. Koma ndinali nditawerenga pa hypoglycaemia, shuga kutsika mmagazi, pansi pa 3.9 mmol/L pa kamakina koyezera kaja, ndipo zizindikiro zake zinali zomwezo ndikuona ndi maso anga. Poti anali akutha kumeza ndinawapatsa tiyi wa shuga wambiri nkuthamangira nawo kuchipatala, atawayeza anati unatsikadi. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda. Sindikunena kuti buku ndi dokotala, anesi anali atandiuzapo kale za zimenezi, koma zinakhazikika mmutu nditamvetsa kuti hypo ndi chani.

Zofooka zilipo ndithu. Zilembo ndi zing'onozing'ono kwabasi, magetsi akazima pa tochi ya foni maso amachita kuwawa. Chachiwiri ndi la ku America ndiye sipelo yake ikusiyana ndi yomwe madokotala athu amalemba ya ku Britain. Iwo amalemba hypoglycemia opanda a pakati, anemia mmalo mwa anaemia, izi ndi zazing'ono, koma oedema, kutupa kwa miyendo kuja, ndinaisaka pa O mpaka kutopa osadziwa kuti ili pa E ngati edema. Komanso nthawi zina limamasulira liwu lovuta ndi liwu lina lovuta, umayendayenda masamba atatu kuti umve chiganizo chimodzi. Ndi lakale, za Covid mulibe. Ndipo zonse ndi Chingerezi, chomwe chimandiwawa chifukwa magadiyani ambiri omwe ndimagona nawo mu wodi sangathandizike nalo, ndinkachita kuwamasulira ine usiku tikudikira mankhwala.

Kwa mwana wa sukulu ya unesi kapena ukilinikala mwina mufune lalikulu komanso latsopano. Koma ngati muli ndi odwala shuga, BP kapena impso pakhomo, kakang'ono ngati aka kakukwanirani. Musanalipire muone kuti masamba a pa H onse alimo, komanso tsamba lija la tizidutswa ta mawu lomwe limakhala kumapeto lisakhale long'ambika, mabuku a pansi paja ambiri amasowa masamba akumbuyo. Langa ndayamba kulembamo Chichewa mmphepete ndi pensulo, pa hyper ndinalemba kukwera, pa hypo kutsika, kuti mng'ono wanga akatsala ndi mayi asamavutike.