Nazale ya pamsewu wa ku Senga Bay: kudula amakutha, koma musalole kuti akubzalireni

Nazale ina ya m'mbali mwa msewu wochoka pa Kamuzu Road kulowera ku Senga Bay, kupatula kugulitsa mbande za mitengo, imalandiranso ntchito yodulira ndi kuchulukitsa zomera za m'nyumba zosunga madzi m'masamba: Echeveria, Crassula, Kalanchoe, alovera ndi zina. Mumapita ndi mphika wanu womwe duwa lake latalika mpaka kuwerama, iwo n'kulikonza.

Pa kudula, palibe chowanena. Amagwiritsa ntchito lumo latsopano kapena mpeni wopukutidwa ndi sipiriti, osati sizasi, chifukwa sizasi imafinya tsinde ndipo pofinyikapo ndi pamene pamayambira kuola. Echeveria yotalika amaidula mutu, kusiya katsinde ka masentimita 3 mpaka 5, kenaka amachotsa masamba a m'munsi. Chitsa chotsala mumphika amakuuzani kuti musataye, ndipo akunena zoona: chimaphuka timitu tingapo. Crassula amaidula pamwamba pang'ono pa mfundo, pomwe kawirikawiri pamatuluka nthambi ziwiri. Amakuchenjezaninso kuti kutalika kumeneku ndi njala ya kuwala. Duwalo mukalibwezera pakona pambali pa wailesi yakanema, litalikanso.

Pochulukitsa ndi masamba, tsamba amalithothola mopotokola pang'ono kuti lichoke lathunthu, popeza loduka pakati silimera. Amadziwa kuti alovera sachuluka ndi tsamba, amangopatula ana ake a m'mbali omwe ali kale ndi mizu. Sansevieria (chomera cha masamba aatali ngati lupanga) ya mkombero wachikasu amaigawa pamizu, chifukwa yomera kuchokera ku tsamba imataya chikasucho. Anthu ogulitsa maluwa ambiri sadziwa zimenezi.

Vuto lili pa kubzala. Akangodula, amalowetsa zodulazo m'timatumba takuda ta dothi lamakande, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo pamodzi ndi mbande za mtangatanga. Bala la chomera chotere limafuna kuuma kaye. Likalowa m'dothi lonyowa lili laliwisi, tsinde limada kuyambira pansi, limafewa, masamba n'kuyamba kuyoyoka ali achikasu ooneka ngati muli madzi. Kutentha kwa kunyanja kuno kumafulumizitsa zonsezi. Ufa womeretsa mizu womwe amakutsatsani sungapulumutse chomera choola, ndipo mitundu imeneyi imamera popanda ufawo.

Ndiye auzeni akudulireni basi, zodulazo mutengere kunyumba m'katoni. Muziyale pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku 3 mpaka 7, mpaka bala liume gwa. Tsinde lonenepa limatenga nthawi yaitaliko. Dothi sakanizani nokha: magawo 2 a mchenga wamiyalamiyala wa kumtsinje, gawo 1 la dothi la m'munda, gawo 1 la makala osinja kapena mankhusu a mpunga owotcha. Mchenga wosalala wa m'mphepete mwa nyanja ayi, umagwirana n'kusunga madzi. Mphika ukhale wobowola pansi. Tsinde lilowe masentimita 2 okha m'dothi louma, masamba mungowagoneka pamwamba. Madzi dikirani sabata imodzi kapena ziwiri. Mizu imayamba kugwira pakatha masabata 2 mpaka 4. Mukakoka pang'ono n'kumva kukana, yagwira. Kuyambira apo thirirani mokwanira, koma pokhapokha dothi litauma.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. M'dzinja chinyezi chimachedwetsa bala kuuma, pomwe dzuwa la Okutobala limawaula masamba ozolowera m'nyumba, choncho muyambe ndi dzuwa la m'mawa pakhonde.

Musanagule chomera chawo, suzumirani m'makhwapa mwa masamba: zina zimakhala ndi tizilombo toyera tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, tomwe timafa mukatipukuta ndi thonje loviika mu sipiriti. Ndipo ngati chanu chili cha mtundu wa nkhadze, valani magolovesi podula, utomoni wake usafike m'maso.